Mapiri Atatu pa Kapepala ka Mlongo Wanga

Lolemba lapitali mlongo wanga anandibweretsera mapiri atatu pa kapepala.

Ndinali kuseri kwa nyumba kuno ku Chiparamba, ndikusankha mtedza wosunga mbewu, pamene ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo. Kusuzumira, ndi amake Tamala, mlongo wanga wopondana nane, amene amakhala ku komboni ya Nabvutika, m'tauni ya Chipata. Fumbi linali mbuu mpaka m'nsidze. M'manja anali ndi kathumba ka pulasitiki, m'kathumbamo muli nsapato za kanivasi zatsopano, mapepala a kusitolo akadali m'kati.

Tiyi anakana. Madzi anakananso. Atangokhala pa mpando anamasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope.

"Alongo, inu munakwerapo mapiri. Mundisankhire limodzi apa."

Panali mayina atatu, olembedwa ndi dzanja lokongola lija limene bambo athu anatiphunzitsa ndi kakwapu ku Tamanda: Kilimanjaro, Sapitwa, Mafinga.

Ndiulule tchimo langa lisanakule. Ndinakondwera.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kale kuti ndinakalambira m'kalasi, kuphunzitsa ana za mapu, mitsinje ndi mapiri. Mulanje ndinakwera katatu mawondo akadali anga. Koma kwathu kuno ndani amasamala zimenezo? Ukati unakwera phiri, funso limakhala limodzi: "Nanga kumwambako munakatengako chiyani?" Mayi a kunyumba kwanga akangomva ndatchula Mulanje, amakumbukira mwadzidzidzi kuti nkhuku sanazipatse madeya. Ndiye lero munthu wabwera yekha, wameza fumbi lonseli, kudzandifunsa ine za mapiri?

Ndinathamangira m'nyumba kukatenga mapu ndi magalasi. Funso loyamba, limene munthu wanzeru akanafunsa, sindinalifunse. Sindinati, "Mukukatani?"

Ndinayamba ndi Kilimanjaro. "Ili lifufuteni," ndinatero. Ine sindinalikwerepo, koma zake ndinaziwerenga mpaka masamba kuthothoka. Vuto la phiri lalitali chonchija si miyendo ayi, ndi mpweya. Ukamakwera mpweya umanka nuchepa. Mutu umayamba kugunda, mseru umabwera, chakudya chimakana, ndipo ena mapapo amadzaza madzi. Phiri silifunsa kuti umalima maekala angati. Mnyamata wadzitho amatha kugwa, nkhalamba yoyenda mwachifatse n'kumupitirira. "Inu ndi bipi yanuyo," ndinatero, "palibe dokotala wanzeru zake amene angakuloleni."

Mafinga ndinalichotsanso. Ndi lathu, inde, la m'dziko muno, silifuna pasipoti. Koma lili kutali kumpoto, ndipo anthu olikwera ndi ochepa. Munthu woyamba kumene amafuna phiri la njira yopondeka bwino, la madzi m'njira, la pogona podziwika, limene m'tsinde mwake muli anthu oti ntchito yawo ndi kulondolera alendo. Ukathyoka mwendo pamalo poti munthu amadutsapo mwa apo ndi apo, akunyamula ndani?

Linatsala Sapitwa. Apa ndiye ndinayankhula ngati wailesi.

Anthu amasokoneza. Mulanje ndi phiri labwino kwa wophunzira, koma Sapitwa ayi. Mulanje pamwamba pake ndi potambalala, pali madambo, timitsinje, ndi tinyumba togona okwera phiri. Munthu wathanzi amanyamuka m'mawa, madzulo wafika pa kanyumba, waotha moto, wagona, mawa lake watsika. Sapitwa ndi nsonga yake yayitali kuposa zonse. Kumeneko njira imatha, kumatsala matanthwe otsetsereka. Umakwawa ndi manja, umadzipanikiza m'mipata ya miyala, chikwama ukuchikoka pambuyo. Nkhungu ya chiperoni ikatsika, mnzako amene ali pompo patsogolo pako umangomumva mawu. Ndipo mwezi uno wa Juni kumazizira mpaka madzi kuuma pa miyala. Kukwerako kulinso bwino. Kumene anthu amavulala ndi potsika, miyendo ikunjenjemera, mutu uli kale kunyumba.

"Ndiye timvane chonchi," ndinatero, chala chili pa mapu. "Yambani ndi phiri la Dedza, la tsiku limodzi. Thupi likavomera, kukayamba kufunda mudzakwere Mulanje mpaka pa kanyumba koyamba, ndi wolondolera njira. Sapitwa mudzamuganize chaka china. Nsapato zatsopanozi muyambe mwaziyendera milungu ingapo, apo ayi zidzakusendani zidendene. Ndipo m'njira muzidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi: mtedza, nthochi, mbatata yophika, madzi ambiri."



"Za chakudyazo musavutike nazo," anatero. "Ndikakwera ndili pa kusala. Ndipo za chaka china musandiuze. Ndikufuna mlungu wamawa."

Ndinavula magalasi. Ndi pamene ndinamvetsa chimene anakanira madzi.

Tamala ndi mwana wawo yekhayo amene anatsala. Ndi mayi wamkulu ndithu, wa zaka makumi atatu ndi mphambu, anali kalaliki m'tauni, munthu woseketsa anthu ngakhale pa mzere wa kuchipatala. Chaka chatha anamupeza ndi khansa. Anapita ku Lusaka, anabwerako, anapitanso. Ulendo womaliza madokotala anayankhula mwaulemu kwambiri, namupatsa mankhwala oletsa ululu, nati akapumule kunyumba. Tonse tinamva tanthauzo lake. Palibe amene analitchula.

Chiyambire pamenepo, Lachitatu lililonse mlongo wanga amakwera kaphiri ka kuseri kwa komboni yawo ndi amayi anzawo a gulu la mapemphero. Amanyamuka m'mamawa, osadya, osamwa, mpango woyera kumutu, n'kumatsika dzuwa litapendeka. Izi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti m'gulumo munayamba kuyenda mawu oti kaphiriko kachepa. Akuti anthu achulukapo, ena amangodzajambulana zithunzi, phokoso la tauni limafika mpaka pamwamba. Akuti nkhani yaikulu imafuna phiri lalikulu. Wina anawaonetsa mapiri pa foni, iwo n'kulemba mayina.

"Miyezi isanu ndakwera kaphiri kaja," anatero. "Mwana akunka nafota. Mwina ndikuima pansi kwambiri."

Apa ndinalakwa kachiwiri. Ndinakalipa. Ndinati ndi misala. Ndinati munthu wa bipi, mutu uli mbuu ndi imvi, kukwera Sapitwa m'mimba mulibe kanthu ndi kudzipha kovala mpango woyera. Ndinati tidzaika maliro awiri. Mawu amenewo anatuluka, ndipo kuwabweza sindinathe.

Sanalire. Anangondiyang'ana ndwii.

"Chabwino, aphunzitsi. Ndiye ndizitani? Ndizikhala pa khonde n'kumaonerera? Madokotala athedwa nzeru. Inu mwathedwa nzeru. Chatsala ndi miyendo yangayi. Mukufuna ndiisungire chiyani?"



Ananyamula nsapato zawo. Kapepala anakasiya pa tebulo, nakapsinja ndi kapu ya tiyi amene anakana uja. "Lachisanu ndidzamve kuti mwasankha liti. Mukapanda kusankha, ndisankha ndekha."

Ndimawadziwa amake Tamala. Tili ana ku Tamanda, ine ndinkayeza mtengo wa mango ndi maso, ndikuganiza pokwerera, iwo ali kale kunsonga akundigenda ndi nthangala. Chimene anena amachita.

Tsopano ndiyankhule nanu, owerenga.

Sindikunyoza anthu okwera mapiri kukapemphera. Ayi ndithu. Mukazungulira Chipata yense, phiri lililonse lili ndi tinjira take ndi mipango yake yoyera, ndipo ambiri mwa anthu amenewo asenza zinthu zoti ine sindingazinyamule ngakhale kuchoka pakhomo kukafika pa nkhokwe. Munthu amene zipatala zamubweza, mukufuna apite kuti?

Koma pali chinthu chimene tinaphunzira pa timapiri tathuti chimene chingatiphe pa phiri lenileni. Timapiri ta kuno timakhululuka. Ukakwera ndi patapata, ufika. Ukakwera osadya, ufika, chizungulire pang'ono basi. Ukakomoka, anzako akukupiza ndi chitenje, wina aimba foni, njinga ifika m'tsinde. Ndiye tinazolowera kuganiza kuti phiri ndi nkhani ya mtima wokha. Wolimba mtima amafika. Wobwerera panjira ndi wa chikhulupiriro chochepa.

Ndipo ife kubwerera timakuopa kuposa kugwa. Ndani wa ife anayambapo ulendo n'kubwerera poyera, anthu akuona? Akati chiyani kumpingo? Timalola kuyamba nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri n'kukafera pa mawindo, kusiyana n'kumanga ya ziwiri n'kugonamo. Mwana woti masamu amamuzunguza timamukankhira ku udokotala, chifukwa uphunzitsi akuti ndi waung'ono. Chachikulu ndicho chabwino, basi, kaya tikuchitha kaya sitikuchitha. Tafika mpaka poyeza pemphero ndi mamita.

Ndipo amene anawauza amake Tamala kuti kaphiri kachepa, kodi iyeyo adzakwera nawo? Kodi akudziwa kuti Mulanje ali mbali iti? Kunena n'kosavuta uli pa mwala wofunda dzuwa, nyumba yako ikuoneka pansipo. Pa nkhani zotere alangizi amachuluka, koma tsiku lonyamuka aliyense amakhala ndi mwana wodwala chimfine.

Ulendo wanga woyamba wa ku Sapitwa sindinafike pansonga. Izi sindizinena kawirikawiri. Tinali ine, mphunzitsi mnzanga, ndi bambo wina wa m'tsinde mwa phirilo wotilondolera njira. Tisananyamuke pa kanyumba, bamboyo anatiimika, naloza wotchi yanga. Anati ikakwana leveni koloko tibwerera, kaya tafika kaya sitinafike, ndipo tivomerezane pompano, chifukwa kumwambako munthu saganiza bwino. Tinavomera moseka.

Leveni inakwana nsonga ikuoneka apo, yoti ungaigende ndi mwala. Bamboyo anangotembenuka nayamba kutsika. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamukumbutsa kuti tachokera dziko lina. Anangopitiriza kutsika. Tisanafike theka la njira nkhungu inatsika, ndipo maola awiri otsatirawo ndinayenda nditagwira chikwama chake ngati mwana pamsika. Titafika pa kanyumba ndinachita manyazi kumuyang'ana.

Bambo uja ndiye anandiphunzitsa kasankhidwe ka phiri, osati mabuku. Suyamba ndi kufunsa kuti ndi lalitali bwanji. Umafunsa kuti ukatopa ubwerera bwanji, ndipo pansi akukudikira ndani, mpaka liti.

Koma munthu amaiwala zimene anaphunzira. Lachiwiri lonse ndinakhala pa mapu, mtedza ndausiyira nkhuku, ndikufunafuna njira ya pakati. Sapitwa ayi, zimenezo zinali zotheratu. Koma kuwauza kuti asapite kulikonse, ndinkadziwa kuti apita okha, ndipo adzasankha lalitali. Ndiye ndinakhazikika pa Dedza. Ndi phiri looneka ndithu, loti munthu angabwere n'kunena kumpingo kuti ndinakwera. Njira yake ndi yoyendeka, tauni ili m'tsinde. Ndiwaperekeza ndekha, mbatata ndibisa m'chikwama changa. Tsiku lopita, tsiku lokwera, tsiku lobwera. Ndinadziyamikira kuti ndapeza nzeru.

Mayi a kunyumba anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene sachita kawirikawiri. Kenako anangoti, "Mwamufunsa mwini matendayo?"

Funso limenelo ndi limene linandikweza minibasi Lachitatu.

Ndinafika ku Nabvutika cha m'ma teni, ndikudziwa kuti mlongo wanga ali kuphiri. Tamala ndinamupeza pa khonde, atagona pa matiresi, atafunda bulangeti lofiira dzuwa likuwala. Mayi wa nyumba yoyandikana anali atamusiyira phala m'kapu, lili chizizirire. Mwanayo anali atachepa moti ndinayamba kuyang'ana nkhuku za pabwalo.

"Amalume, musayang'ane kumbali. Ndine yemwe uja, kungoti ndachepetsa katundu."

Ndinaseka, chifukwa ankafuna ndiseke.

"Amama anakupatsani kapepala?"

"Wadziwa bwanji?"

"Anang'amba m'kope langa. Cholembera anatsindika nacho mwamphamvu, mayina onse atatu anatsalira pa tsamba la pansi."

Anandifunsa kuti ku Mulanje ndi masiku angati. Ndinawerenga: kudutsa pa malire a Mwami, Lilongwe, Blantyre, masiku awiri kupita. Atatu paphiri, ngati nyengo yalola. Awiri kubwera. Mlungu wathunthu.

"Koma usadandaule," ndinatero mwachangu. "Kumeneko sapita. Ndawapezera Dedza. Masiku atatu okha."

"Atatu," anabwereza.

Anayang'ana kaphiri kaja. Kuchokera pa khondepo kamaoneka bwinobwino, timadontho toyera tikusuntha pakati pa miyala.

"Lachitatu lokhali limanditalikira," anatero. "Anebawa ndi abwino, koma kunditembenuza amaopa, akuti andithyola. Amama okha ndi amene amadziwa pogwira. Kuyambira m'mawa ndagonera mbali imodzi."

Ndinadzuka kuti ndimutembenuze. Ndinagwira polakwika. Analuma mlomo, osalira, ndipo ndinamusiya momwe analili.

"Mwaona?" Anapuma kaye. "Amalume, ine masiku ogawa ndilibe. Kupitako sindikuopa kwambiri. Ndikuopa kupita amama ali pa basi. Ndikayamba kuwauza amanditseka pakamwa, akuti ndisaitane zoipa. Inu amakumverani. Asankhireni lapafupi."

"Sandimvera. Lolemba ndinawakalipira zoopsa."

"Akanakhala kuti sakumverani sakanabwera ku Chiparamba. Mapiriwo akanatha kusankha okha. Akufuna munthu wowaletsa. Okha sangadziletse, aona ngati anditaya."

Zaka zonse zija ndili kutsogolo kwa kalasi, palibe mwana amene anandikhazikapo pansi chonchi.

Ndinasiya jekete pa mpando, ndinathira madzi m'botolo, n'kuyamba kukwera.

Musandifunse za ulendo umenewo. Katswiri wa Mulanje, mlangizi wa za Kilimanjaro, ndinapuma kanayi pa kaphiri koti mbuzi zimakwera zikubzikula. Nsapato za kutchalitchi zinkaterereka pa timiyala. Amayi awiri otsika ndi nkhuni anandipatsa moni wachisoni, uja wopatsa munthu wodwala.

Mlongo wanga ndinawapeza ali paokha, pataliko pang'ono ndi anzawo, atatsamira mwala. Milomo inali itauma gwa, maso atalowa. Nsapato zatsopano zija anali atavala. Pa malangizo anga onse a Lolemba anatolapo amodzi okha, oti aziyendere. Chidendene chimodzi chinali chitasupuka kale, atachimanga ndi kansalu.

Ndinakhala pambali pawo mpaka wefuwefu atatha.

"Mwasankha?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ndasankha."

"Liti?"

"Lomwe lino."

Anaseka kaseko kowawa. Ndinawagwira mkono n'kuloza pansi. Nabvutika yense anali kumapazi kwathu, malata adzimbiri ndi utsi. Ndinawaonetsa mtengo wa mango wa pakhomo pawo, kenako denga lawo la malata atatu atsopano pakati pa akale, kenako khonde. Panali kadontho kofiira.

"Wagonera mbali imodzi kuyambira m'mawa," ndinatero. "Ndayesa kumutembenuza, ndamupweteka. Akuti inu nokha ndi amene mumadziwa pogwira." Kenako ndinawauza zonse, mawu ake enieni, za basi zomwe. Sindinakometsere kalikonse.

Anayang'ana kadontho kofiirako nthawi yaitali. Kumbuyo kwathu amayi aja anayamba nyimbo.

"Ndiye phiri lanu ndi lino," ndinapitiriza, "koma pa malamulo a phiri. Muzidya musananyamuke. Muzinyamula madzi. Ndipo nthawi yobwerera tipangane pompano. Teni koloko mwatsika, kaya mwamaliza kaya simunamalize."

"Kusala kotani kumeneko?"

"Sindikudziwa. Za kusala kafunseni abusa. Ine ndimadziwa za mapiri."

Anatembenuka. Ndinkayembekeza mkwiyo, koma pa nkhope yawo panali mantha okhaokha.

"Alongo, akapita mwanayu ine ndisanakwere Sapitwa, moyo wanga wonse ndidzakhala ndikudzifunsa ngati chinatsala ndi chimenecho. Funso limenelo mudzandisenzera inu?"

Ndikanatha kuwauza kuti Mulungu sayeza mamita. Ndi zoona, ndipo ndimakhulupirira choncho. Koma si zimene anafunsa.

"Ndidzasenza," ndinatero. "Mudzanene kuti ndinakuletsani ndine. Mudzauze aliyense, kumpingo ndi kumudzi komwe."

Anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti akufuna kundigwira, koma ankafuna botolo. Anamwa pang'ono, natsuka m'kamwa, namwanso. Kenako anavula nsapato zatsopano zija, namanga zingwe zake pamodzi, nazikoleka m'khosi, n'kuyamba kutsika osavala kanthu kumapazi. Anzawo sanawatsanzike. Ine anandisiya kutali. Pamene ndinkafika pa khonde, mawondo akulira, anali atamutembenuza kale Tamala, akumupaka mafuta pamsana, uku akumukalipira chifukwa chosamwa phala.

Lachisanu ladutsa. Ku Chiparamba sanabwere kudzamva yankho, ndipo ku Mulanje sanapite. Koma sakundiimbiranso foni. Ndikaimba ine amayankha mwaulemu, mawu atatu anayi, ngati akuyankha munthu wa ku ofesi. Tamala sakupeza bwino. Dzulo akuti phala lomwe lakana. Amake ali pomwepo pa khonde, akumutembenuza.

Kapepala kaja kali m'thumba la jekete langa. Ndayesa kukataya kawiri.

Tsiku likubwera, ndipo silili kutali, limene ndidzakhale panja ndi amuna anzanga pansi pa mango uja, mlongo wanga ali m'nyumba ndi amayi, ndipo pakati pa kulira kwawo ndidzamva dzina langa. Anthu adzanditembenukira. Ndinavomera ndekha. Ndikudziwa kuti ndinasankha bwino, koma kudziwako sikukupeputsa kanthu, ndipo mtima ukundiwawa.

Moyo wanga wonse ndinkalakalaka wina atandifunsa za mapiri. Andifunsa.

Nanga inu, kapepalako kakanafika pa tebulo panu, mukanawasankhira liti?